Ndudu ya mfundo ziwiri

Rajabu, tabwera kuno. Dzanja lakumbuyolo usalibise, ndamva kale. Ukuyesa ukatafuna masamba a gwafa ndiye kuti mphuno ya Che Twaibu yapusa? Ha! Maso awa anatha, mano anatsogola kale kumanda, koma mphunoyi, ana inu, sinakalambe. Wasutira kuseri kwa thandala loyanikapo usipa, ndipo ndudu yake ndi ya m'paketi, yotchipa ija. Ndanama? Khala pansi. Amina, leka kuseka mchimwene wako, nawenso tsiku lako likubwera. Khalani nonse pamkekapo, lero sindimenya munthu.

Ine ndasuta ndudu zoti mutaziyala mumsewu zikhoza kukafika ku Boma, ndipo malipiro ake ndi chifuwa mukuchimva chikulira ngati chitseko chopanda mafutachi. Zonsezo palibe imene ndimanyadira nayo. Ndimanyadira imodzi yokha, imene sindinaisute. Tamverani.

Zaka zimenezo ku Mozambiki kunali nkhondo. Inu mumangoimva m'kalasi, ife tinkaiona ikutsika phiri ndi mapazi otupa. Anthu ankafika kuno ku Makanjira m'magulumagulu, mwana kumsana, mphika pamutu, ena ngakhale mphikawo analibe. Sitinkawayesa alendo kwenikweni, poti Chiyao chawo ndi chathu chomwe, ndipo tsiku la Juma, Lachisanu, tinkagundana mapewa mumzikiti umodzi. Anthu ake olimbikira khasu, osati ife a kunyanja amene timalima ngati tikupepesa nthaka. Bambo anga anapereka malo kuseri kwa nyumba yathu kwa banja lina: Che Mkwanda, akazi awo, ndi mwana wa mlongo wawo, mtsikana woonda, wosayankhula, dzina lake Asiyatu. Inde, agogo anu omwewa akusankha mpunga pakhondewa, akunamizira kuti sakumva. Lero mukawamva akukalipira nkhuku simungakhulupirire kuti munthu ameneyu ankatha sabata yathunthu osatulutsa liwu.

Tsiku limene mfuti zinalira m'mudzi mwawo, Asiyatu anali kumtsinje ndi akazi a mjomba wakeyo. Mayi ake, Abiti Bwanali, anali kudimba lawo la fodya, mbali ina ya mudzi. Anthu anangoti balala, awa kuno awa uko. Othawa ena ofika pambuyo anati mudzi unapsa wonse, wina nkuti anaona mayi wina atagwa pafupi ndi madimba. Koma manda palibe anawaona.

Ndiye mtsikanayo anali ndi kachizolowezi kake. Akakhala pamthunzi ankatola makoko a chimanga, nkusankha lofewa lamkati lija, nkuikamo chingambwe, fodya wakuda wakumudzi uja amene inu simungamukoke ngakhale kamodzi osakomoka. Pamwamba ankawazapo timakoko ta ndimu touma, tosinjasinja, nkupichira. Kenako ankamanga ndi kaluzi, mfundo ziwiri. Iye sankasuta ayi. Ankangopichira, nkuika pambali, nkuyambanso ina. Ine ndinali mnyamata wa ukonde wa chilimira, mapewa awa ali apa, wosuta ngati ng'anjo ya njerwa, ndipo fodya wongokhala osasutidwa ankandipweteka mtima. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Chemwali, ndudu zimenezi mwini wake ndani?"

Anandiyang'ana, nkuti, "Amayi."

Limenelo ndiye liwu loyamba limene agogo anu anandiyankhula. Kuyambira ali mwana ntchito yake inali yopichirira mayi ake fodya, ndipo ndimu ija inali nzeru ya mayiwo, ati imafewetsa pakhosi. Zala zinangopitiriza ntchito mwini fodya kulibe. Ndinapempha imodzi nkuyatsa. Ana inu, utsi wake! Fodya wowawa bwino, koma pamwamba pake kafungo ka ndimu kozizira. Asiyatu atamva fungolo anayamba kulira, ine manyazi, nkufuna kuzima. Iye anati, "Ayi, sutani. Musachoke." Mawa lake ndinabweranso, ati kudzasuta. Mkucha wake chimodzimodzi. Amina, ukusekanso? Inu mumafunsirana pa foni, ife tinafunsirana ndi utsi, ndipo ukwati wathu ulipobe mpaka lero. Wa pafoniwo kaya.

Shehe anatimangitsa ukwati, kunabadwa bambo anu a Saidi, kenako azakhali anu. Chaka chilichonse tikakolola, Che Mkwanda ankati, "Tiwachitire sadaka alongo anga, tiphike mpunga, shehe awerenge pemphero la dua, nkhani ya womwalira itsekedwe." Asiyatu ankakana kwamtuwagalu. Yankho lake linali limodzi: "Ndionetseni manda."

Kenako nkhondo inatha. Malole anayamba kubwera kudzanyamula anthu obwerera kwawo. Kuno kunali piringupiringu, uyu akugulitsa mbuzi, uyu akuzula chitseko kuti apite nacho, akazi akutsanzikana pachitsime ndi misozi. Anthu ankasangalala, koma ine tulo tinandithawa. Mwambo wathu mukuudziwa: ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mjomba. Che Mkwanda atalembetsa dzina anandiitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Che Twaibu, mwatisunga bwino, sitikukana. Koma mbumba yanga ikupita nane."

Ndinamva ngati bwato lagadabuzika pakati pa nyanja. Kuwatsatira sindikanatha. Bambo anga anali atakalamba, ukonde uli m'manja mwanga, ndipo ine ndikatalikira madzi ndine munthu wachabechabe. Tinakambirana masiku atatu. Potsiriza anadula nkhani ndi Asiyatu mwini wake.

"Ine kwathu ndikufunako chinthu chimodzi, amayi. Ngati kulibe, ndikatengako chiyani? Chitani sadaka yanuyo, nkhani ithe, ine nditsale ndi amuna anga."

Ananena akuyang'ana pansi, misozi ikudonthera pachitenje. Che Mkwanda anavomera, koma anasiya mawu. "Chabwino. Koma mudziwe kuti alongo anga akanakhala moyo, mwana uyu sakanagona kuno ngakhale tsiku limodzi."

Ndikuuzani zoona, poti ndakalamba ndipo manyazi anandithera: ndinakondwa. Mkazi wanga akulira, ine mumtima ndikuvina. Mbuzi ya sadaka ndinagula ndine, mpunga ndine, osadikira kupemphedwa. Tinapangana Lachinayi la sabata yotsatira. Anthu oitanidwa anali ambiri, mbuzi imodzi sikanakwana, ndiye panafunika nyemba.

Masiku omwewo njira ya ku Lichinga inali itangotseguka, ndipo mnzanga Che Yusufu, woyendetsa lole, ankapititsako usipa nkubwerako ndi nyemba. Anandiuza kuti, "Kweza matumba ako ukaone dziko, usamangodziwa madzi okha ngati mvuu." Asiyatu anandipichirira ndudu khumi nkuzikulunga m'kansanza.

Inu lero mumakwera njinga yamoto, pofika ku Boma mwayamba kale kudandaula msana. Ife tinayenda masiku atatu pamwamba pa usipa. Kuchoka kuno mpaka Mangochi, kukwera chitunda cha ku Namwera lole ikutsokomola, kudutsa malire pa Chiponde, kenako msewu wa maenje okhaokha. Che Yusufu anatichenjeza kuti tsidya ilo munthu asapatukire kutchire, kuli mabomba okwirira, wofuna kutaya madzi aime patayala. Ulemu wathu wonse unathera patayala limenelo, akulu ndi ang'ono omwe.

Titafika tinapeza nyemba zisanakwane, ati mpaka mawa. "Tsiku ndi lako," anatero Che Yusufu. "Kayende, koma usasochere, ine sindisaka munthu wandevu."

Ana inu, Lichinga! Ine munthu wa kunyanja, wozolowera kugona chitseko chili pululu, ndinadzuka mano akugundana. Mzindawo uli pamwamba, kuzizira kwake kolowa m'mafupa, mitengo ya paini ili ndandanda. Ndinayatsa ndudu kuti ndifunde, nkutsala ziwiri. Ndinavala malaya anga onse awiri, kofiya kumutu, manja kumbuyo, nkuyamba kuyenda ngati bwana woyendera sukulu.

Misewu yake yotakata yoti nkuyanikapo chilimira yense, koma magalimoto ake owerengeka. Nyumba zosanjikizana zimene anasiya Apwitikizi, penti itasuluka, amayi atayanika zovala m'mwambamo. Mbuzi ina ndinaiona ikusuzumira pakhonde lapamwamba, mpaka lero sindidziwa inakwera bwanji. Ndinaima pakhomo la tchalitchi chachikulu nkusuzumira mkati mwaulemu, ndinati nyumba ya Mulungu ndi nyumba ya Mulungu basi. Ndinadya buledi wawo wamng'ono, wolimba kunja, amamutcha pau, ndipo ndikuganiza kuti mano aja anayambira pomwepo kugwedera. Ndinapita ku siteshoni kukaona sitima ya pamtunda, poti ine ndinkadziwa ya pamadzi yokha. Njanji ndinaiona, itamera udzu. Sitimayo ati imabwera ikafuna.

Koma munthu amaona chimene amakonda. Mmisiri wa mabwato akafika pachilendo amayang'ana matabwa, ine ndinkayang'ana pakamwa pa anthu. Ndipo kasutidwe ka mumzinda umenewo kanandiuza zambiri kuposa nyumba zake.

Pakhonde la nyumba ina yomwera tiyi panali akuluakulu a m'maofesi, majekete akuda bii, patsogolo pawo tikapu ta khofi toti mwana sangakhute nato. Ndudu zawo zoyera mbee, za m'paketi, atazigwira kunsonga kwa zala, akuyankhula Chipwitikizi utsi ukutuluka m'mphuno. Wina anasuta theka nkutaya. Theka lathunthu! Ine mtima unandipweteka, koma ndisanasunthe phazi, bambo wina wansanza anali ataitola kale.

Pa kagolosale kena ndinaona chingwe cholendewera pamsomali, kunsonga kwake kukunyeka pang'onopang'ono. Machesi anali osowa, ndiye ukagula ndudu yako imodzi umayatsira pachingwecho nkumapita. Ndinati nzeru iyi ndikaifikitsa kwathu, koma agogo anu anadzati ndiwotcha nyumba.

Pafupi ndi msika ndinapeza anyamata asanu ochokera kunkhondo, atavula yunifolomu koma nsapato zikadali zomwe zija. Mmodzi analibe mwendo. Ankasuta ndudu imodzi yopichira m'pepala la nyuzi, aliyense kukoka kawiri nkupatsira mnzake. Chimene chinandidabwitsa nchakuti aliyense ankaibisa m'chikhatho, moto utaloza mkati, chonsecho dzuwa lili pamutu. Ndinafunsa m'Chiyao, mmodzi nkuyankha kuti, "Kutchire moto ukaoneka, mwini wake amafa. Dzanjali silinamve kuti nkhondo yatha." Sindinawafunse kuti ankamenyera mbali iti. Ndinatulutsa ndudu yanga imodzi nkuwapatsa. Inatsala imodzi.

Ndiye amayi achikulire a mumsika! Asiyatu ankandiuza kuti mayi ake ankasuta moto uli mkamwa, ine nkumati akundinamiza. Ndinaziona ndi maso angawa asanathe. Gogo amayatsa ndudu, nkuitembenuza, mbali ya motoyo nkuilowetsa mkamwa, nkutseka milomo. Akugulitsa mbatatesi, akukangana ndi ogula, utsi ukutuluka m'mbali mwa milomo, lilime osapsa! Ati potero fodya sathera mphepo, ndipo mkamwa mumafunda. Ndinaima pamenepo kukamwa yasa, mpaka mmodzi anandifunsa ngati ku Malawi kulibe akazi.

Ndikuseka choncho, mphepo inatembenuka. Ndimu.

Ndinaima chilili. Msika wonse unali fungo la nsomba zouma, makala, thukuta ndi mafuta a galimoto, koma pansi pa zonsezo panali kafungo kaja, chingambwe ndi ndimu, ngati ndakhala pakhonde panga. Ndinagwira m'thumba. Ndudu yanga inali momwemo, yosayatsa. Ndinalondola fungolo ngati galu wa uzimba, kudutsa pa nyemba, kudutsa pa makasu, mpaka kwa bambo wina wokonza njinga, ndudu ya khoko la chimanga ili pakamwa.

"Achimwene, fodya ameneyu mwamutenga kuti?"

Analoza ndi sipanala. "Kwa gogo uyo ali kuseri kwa mpanda. Anabwera kuno ndi nkhondo. Koma samalani, ndi wolusa."

Gogoyo anali atakhala pachiguduli, lichero lili patsogolo, ndudu zitayalidwa m'mizere. Ndinanjuta pamaso pawo penipeni, maondo athu kutsala pang'ono kugundana, nkuwayang'anitsitsa kumaso. Chipumi chija. Timakutu tija, tomwe uli nato iwe Amina. Ndinatola ndudu imodzi: khoko lamkati, kaluzi, mfundo imodzi.

"Mukugula kapena mukuwerenga?" anatero, moto uli mkamwa.

"Mayi, kwanu nkuti?"

Anatchula dzina la mudzi. Lomwe lija Asiyatu ankalitchula akamabwebweta kutulo.

Tsopano mukudikira kuti ndinene kuti ndinalumpha nkufuula Alihamudulila, kuthokoza Mulungu. Ayi. Ndinabweza nduduyo m'lichero, nkuimirira, nkuchoka. Inde, agogo anu ine. Miyendo inkangoyenda yokha, m'makutu mukulira mawu a Che Mkwanda, oti sakanagona kuno ngakhale tsiku limodzi. Satana anandikhala paphewa nkumandinong'oneza bwinobwino. Twaibu, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mkazi uli naye, ana uli nawo, mbuzi wagula kale. Wakuona ndani? Gogoyu sakukudziwa. Mawa ukwera lole, Lachinayi anthu adya mpunga, nkhani yatha. Sikuti ukupha munthu ayi, ungokhala chete.

Ndinamva kuitana kwa swala ya masana, nkulowa mumzikiti wina wapafupi. Posamba tisanaswali, mukudziwa, timatsuka m'mphuno katatu. Ndinatsuka katatu. Ndinatsukanso katatu, mpaka mkulu wina pambali panga anandicheukira. Ndimu osachoka. Swala imeneyo sindidziwa ngati inalandiridwa, poti zimene ndinawerenga sindikuzikumbuka.

Nditatuluka ndinakhala pamwala nkutulutsa ndudu yotsala ija. Ndinadziwa kuti umboni wonse ndi umenewu. Ikapsa, ngakhale nditadzasintha maganizo, gogo wolusa uja angakhulupirire bwanji mlendo wonunkha usipa? Ndinaiika pakamwa. Ndinayatsa machesi. Motowo utayandikira ndinaona timfundo tiwiri tija pansi pa mphuno yanga, ndipo ndinakumbuka zala zimene zinatimanga. Zaka zonsezo munthu uja ankapichira fodya wa mayi ake, ine nkumasuta. Ndamudyera fodya, tsopano ndimudyerenso mayi akewo? Machesi anandiwotcha chala, nkuwataya.

Ndinabwerera ndikuthamanga, kuopa kuti ndikayenda pang'onopang'ono Satana andipezanso.

"Mwabweranso, a maso?" anatero.

"Mayi, inu ndinu Abiti Bwanali. Mwana wanu Asiyatu ali moyo. Ali ku Makanjira, ku Malawi."

Anatulutsa ndudu mkamwa pang'onopang'ono, nkhope itauma gwa. "Chokani. Mwana wanga ndinamuchitira kale sadaka. Anabwera wina ngati inu, ati wamuona ku Cuamba. Ndinagulitsa bulangete nkupita, ndinakapeza mwana wa eni ake. Musandiphere mwana kachitatu. Chokani ndisanakuthireni phulusa!"

Amayi a mbatatesi aja anayamba kusonkhana, maso ali psuu pa ine. Ndinangoika ndudu yanga m'lichero, pakati pa zawo.

Anaitola kuti andigende nayo, koma dzanja linaima m'malere. Anainunkhiza. Anaitembenuza, nkuyendetsa chala pakaluzi, kamodzi, kawiri. Kwa ine msika wonse unangoti zii.

"Mfundo ziwiri," anatero chapansipansi. "Ndinkamuuza tsiku ndi tsiku kuti imodzi yakwana, luzi lisathe. Samamva mwana ameneyu. Samamva!"

Liwu lomalizalo linatuluka ngati mfuu, nkugwa chafufumimba palichero, ndudu zonse balala. Amayi aja anawagwira, ena akulira, ena nthungululu. Ine ndili chinjutire, misozi ili chuchuchu, bambo wandevu ndi kofiya yanga.

Atapuma anapukuta kumaso nkundiyang'ana. "Nanga inu ndinu ndani kwa iye?"

Apa mpamene ndinadzidzimuka. Ana inu, masiku ano mkamwini amadya mbale imodzi ndi apongozi, nkumaonera limodzi kanema mapazi atatambasula. Nthawi yathu apongozi aakazi ukawaona panjira umapatuka, poyankhula nawo umayang'ana kumbali. Ine ndinali nditawanjutira pamphuno, kuwawerenga ndi makutu omwe! Ndinalumpha ngati ndaponda khala lamoto, nkukagwada chapatali, nkhope nditalozetsa kumpanda. Amayi onse aja anaphulika kuseka, misozi ikadali m'masaya.

"Oo, ndinu akamwini," anatero. "Ulemu mwaukumbukira mochedwa. Ana angati?"

"Awiri, mayi," ine ndikuuza mpanda.

"Poyamba paja munabwera nkuchoka. Munali mutandizindikira?"

Ndikanatha kunama, koma ndinati poti ndanyowa kale, ndingosambiratu. Ndinawauza zonse: za malole, za mawu a Che Mkwanda, za sadaka yawo ya Lachinayi, za mbuzi, ndi kuti pobwerera pamalo ano ndabwera ndikudziwa kuti mkazi ndi ana ndawataya.

Nditamaliza ndinadikira chigamulo chawo, ndikuwerenga nsungwi za mpanda.

"Mbuziyo ndi yonenepa?"

"Ndi yonenepa, mayi."

"Kumudzi kwathu ndinapitako mwezi watha. Pamene panali nyumba yanga pamera mitengo. Mkwanda akufuna kukaona yekha, apite, miyendo ndi yake. Koma mwanayo ndinabala ndine, ndipo Mkwandayo ndinamubereka kumsana ndine. Munthu wobwerera pamene akanatha kupitirira, mwana wanga sindingamuchotse m'nyumba mwake. Lole yanuyo inyamuka nthawi yanji?"

Ana inu, chimwemwe chinandiiwalitsa mwambo. Ndinatembenuka kuti ndiwathokoze, iwo nkuti, "Kumpanda!"

Mawa lake tinakwera pamwamba pa nyemba, titapatsana misana, iwo ayang'ana uko ine kuno. Katundu wawo anali lichero, chiguduli, ndi kambande ka ndimu m'chitini. Mtengo mumaugenda tsiku ndi tsiku kuseriku ndi womwewo, ndiye muziugenda mwaulemu. Njira yonse tinkakumana ndi malole odzaza anthu obwerera kwawo, akuimba. Yathu yokha ndiyo inkabwera kuno ndi wothawa nkhondo mmodzi wochedwa. Pamalire munthu wa boma anawafunsa kuti, "Gogo, simunasokoneze njira? Anzanu akupita uko." Iwo anati, "Ine ndikupita ku sadaka yanga." Anangotikweza dzanja kuti tidutse.

Tayala linaphulika ku Namwera, tinataya tsiku lonse, ndiye tinafika Lachinayi lomwelo, dzuwa lili paliwombo. Mbuzi itaphedwa kale, mpunga utapsa, shehe ndi amuna atakhala pamikeka kubwalo. Apongozi anandiletsa kuyankhula. Tinazungulira kuseri kwa nyumba, kumene Asiyatu ankapakula atatipatsa msana. Iwo anaima, nkuyatsa ndudu yawo imodzi, nkuitembenuzira mkamwa. Mphepo inanyamula utsi.

Asiyatu sanacheuke. Anangoti, "Mwafika, bambo a Saidi? Nyemba zanu zachedwa, taphika popanda."

"Iwe," anatero mayi ake, "mpaka lero ukumangabe mfundo ziwiri?"

Chipande chinagwa.

Zimene zinatsatira sindingazifotokoze, poti nanenso maso anali atadzaza. Ndikukumbuka mfuu, akazi akuthamanga, mphika wina utagubuduzika. Che Mkwanda anabwera kudzaona phokoso, ataona alongo awo anakhala pansi padothi. Shehe anati dua imene anabwera nayo aitembenuza ikhale yothokoza. Ndipo Abiti Bwanali anakhala pamkeka nkudya mpunga wa sadaka yawo yomwe, mbale ziwiri, nkunena kuti mchere wachepa. Sabata yotsatira Che Mkwanda anakwera lole ndi akazi awo okha. Pokwera anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Ine sindinapite kusukulu, sindinamange nyumba ya malata ambiri, ndipo nsomba zimene ndinagwira zinadyedwa kalekale. Koma ndikafunsidwa kuti Twaibu, padziko unachita chiyani, ndidzati ndinabwerera. Chimenecho ndimanyadira nacho, ndipo sindibisa.

Taonani agogo anu, mpunga asiya kusankha. Ati ndi mankhusu awalowa m'maso. Chabwino, ndi mankhusu.

Mmawa wake wa sadaka ija ndinawapeza agogo anuwa pamthunzi akupichira monga mwa masiku onse, ndudu zitaunjikana pambali. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge imodzi, monga ndinkachitira zaka zonsezo. Anandimenya pachala, phaa!

"Siyani. Mwini wake wabwera."

Umo ndi mmene ndinasiyira fodya. Rajabu, bweretsa kuno machesi ali m'thumbawo.